Kalata yotseguka kwa atsogoleri a mipingo: kodi wampatuko weniweni ndani?

Kwa abusa, ansembe, mabishopu, akulu a mipingo ndi nonse amene mumakhala pa mabwalo oweruza nkhani za chikhulupiriro m'Malawi muno,

Ndikupereka moni mwaulemu m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ine ndine mwana wanu. Munandibatiza ndili khanda, munandiphunzitsa kalasi, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikuphunzitsa ana ku Sande Sukulu. Ku sukulu ya ubusa sindinapiteko. Zochepa zomwe ndikudziwa ndinazitola m'maulaliki anu, m'katekisimu ndi m'mabuku a mbiri ya mpingo amene ena mwa inu munandibwereka. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi si ya mpingo umodzi, ndipo ambiri amene yawapweteka alibe polankhulira. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundilandire motero.

Nkhani yanga ndi ya mawu amene tawazolowera pakamwa, akuti "mpatuko" ndi "chiphunzitso chonyenga". Mawu amenewa ndi olemera. Akagwera munthu amamuchotsa pa Mgonero, amamuvula yunifolomu, amamudanitsa ndi abale ake, mpaka kumulondola kumanda. Dandaulo langa ndi lakuti mawuwa akugwera anthu osayenera, pamene ziphunzitso zimene zikupha anthu zikuyenda dzuwa likuswa mtengo, pa zokuzira mawu ndi pa wailesi, popanda wozitchula dzina.

Ndiyambe ndi azakhali anga. Anali mayi wa bungwe la amayi mumpingo kwa zaka zoposa 30. Maliro akagwa m'mudzi, iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo pa siwa, ndipo wina akagonekedwa m'chipatala ankanyamula phala n'kuyenda wapansi kukamuzonda. Mdzukulu wawo atayamba kudwala matenda akugwa, mayi wina woyandikana nawo nyumba, wa mpingo wina, anawaitanira ku mapemphero a madzulo kunyumba kwake. Anapitako katatu. Sanabatizidwenso, sanasiye mpingo wawo, sanakane ngakhale liwu limodzi la chikhulupiriro chimene timanena tonse titaimirira Lamulungu m'mawa. Anakagwada pa mkeka wa mnzawo n'kupempherera mwana, basi. Kuchipatala ankapita nayebe, ndipo mankhwala mwanayo ankamwa.

Nkhaniyi itafika kwa akulu a mpingo, sanawaitane kuti amve mbali yawo. Anangomva dzina lawo likulengezedwa kutsogolo, kuti adulidwa chifukwa atsata za ampatuko. Iwo sanakangane ndi munthu. Ankapitabe ku tchalitchi, n'kumakhala pa benchi ya kumbuyo, akudikira tsiku lobwezeredwa. Chaka chisanathe anatisiya. Titatumiza uthenga ku mpingo, yankho linabwera lakuti malemuwo anali pa chilango, mpingo sungayendetse mwambo. Ndinaona ndi maso anga amayi amene anaimba nawo zaka zonsezo atabwera m'zitenje wamba, atakhala kuseri kwa khitchini, misozi ikutsika, koma akuopa kuyambitsa nyimbo kuti nawonso angalembedwe dzina. Yunifolomu ya azakhali inatsala m'sutikesi, yochapa ndi yosita bwinobwino. Kumanda anapemphera ndi bambo wina wachikulire wa mpingo wa mayi woyandikana nawo uja, atachita kupemphedwa ndi amfumu kuti tisaike munthu ngati chiweto.

Funso langa loyamba ndi ili, makolo anga: kodi azakhali anakana chiyani za Khristu?

Ndikufunsa chonchi chifukwa pamene makolo a mpingo ankatchula mpatuko, ankanena za chinthu chogwedeza maziko a nyumba. M'chaka cha 325 mabishopu anasonkhana ku Nicaea, mzinda umene lero umatchedwa İznik m'dziko la Turkey, ataitanidwa ndi mfumu Constantine. Chinawasonkhanitsa ndi wansembe wa ku Alexandria dzina lake Arius, amene ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi wolengedwa, ndi kuti inalipo nthawi imene Iye kunalibe. Otsutsana naye, mmodzi mwa iwo Athanasius yemwe panthawiyo anali dikoni, anaona pamene panagona nkhani: ngati Yesu si Mulungu weniweni, ndiye kuti amene anapachikidwa pamtanda ndi cholengedwa chinzathu, ndipo cholengedwa sichingaombole cholengedwa chinzake. Apa panalidi poyenera kulimbana. Msonkhanowo unagwirizana kuti Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa, ndipo ndi mmodzi ndi Atate mu Umulungu wake. Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unawonjezera mawu onena za Mzimu Woyera. Chaka cha 2025 chinakwanitsa zaka 1,700 chichitikireni msonkhano wa ku Nicaea, ndipo mpaka lero Akatolika, Aanglikani, Apresibeteriyani, Alutherani ndi ena ambiri amavomereza mawu omwewo.

Tachiwerenganinso chikhulupiriro chimenecho. Ndi chachifupi, ana anga a Sande Sukulu akhoza kuchiloweza m'masabata awiri. Mulibe za thalauza la amayi. Mulibe za ng'oma kapena kuomba m'manja m'tchalitchi, za kuchuluka kwa madzi obatizira, za nyama ya nkhumba, kapena za khomo limene Mkhristu saloledwa kugwadapo. Sindikunena kuti zinthu zimenezi ndi zopanda pake. Mpingo uliwonse uli ndi ufulu wokhala ndi malamulo ndi mwambo wake, monga banja lililonse lili ndi kadyedwe kake, ndipo amene walowa m'banjamo ayenera kulemekeza. Koma kuswa lamulo la mpingo ndi mlandu wina, kukana Khristu ndi mlandu winanso, ndipo ife tayisakaniza milandu iwiriyi m'nkhali imodzi. Paulo pa Aroma 14 anapeza Akhristu akukangana pa za zakudya ndi masiku, ndipo sanadule aliyense. Anawauza kuti alandirane, asaweruze wantchito wa mwini. Atumwi atakumana ku Yerusalemu pa Machitidwe 15 anagwirizana kuti asasenzetse anthu a mitundu ina katundu wina woposa zinthu zochepa zofunika. Yohane atadandaula kuti apeza munthu akutulutsa ziwanda m'dzina la Yesu koma sali wa gulu lawo, Ambuye anati asamuletse. Zili pa Marko 9, ndipo mwatilalikira kangapo.

Tisaiwalenso kuti dzina loti mpatuko linayamba kugwera ife tomwe. Pamaso pa Felike, Paulo ananenezedwa kuti ndi mtsogoleri wa mpatuko wa Anazarene. Ndipo ngakhale mabishopu ophunzira kwambiri analipereka dzinali mothamanga nthawi zina. Msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 utatha, Akhristu ambiri a ku Egypt ndi ku Ethiopia, abale athu a mu Africa momwe muno, sanavomereze kafotokozedwe kake ka Umulungu ndi umunthu wa Khristu, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,500 ankaonedwa ngati ampatuko. Mu 1973 Papa Paul VI ndi Papa Shenouda III wa mpingo wa Coptic wa ku Egypt anakumana ku Rome n'kusainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti Yesu Khristu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni. Ngati akuluakulu otere anatenga zaka zonsezo kuti amvetsetsane, zitheka bwanji kuti anthu asanu, Loweruka masana, amalize mlandu wa mayi wokalamba m'mphindi khumi, mwini wake kulibe?

Dandaulo langa lachiwiri ndi lowawa kuposa loyambali.

Msuweni wanga anali kalipentala, bambo wa ana atatu. Anakhala pa ma ARV zaka 7 ali wathanzi, akukhoma mipando ndi zitseko, ana akupita kusukulu. Kenaka anayamba kupita kwa mneneri wina m'tauni. Kumeneko anamusanjika manja n'kumuuza kuti wachira, ndipo kuti kupitiriza kumwa mankhwala ndi kukayikira Mulungu. Anagula botolo la madzi odzozedwa. Anauzidwa kuti afese mbewu yolingana ndi kukula kwa chozizwa chake, ndipo anagulitsa macheka ndi mapuleni ake. Pamene tinamunyamula kupita naye kuchipatala anali atatheratu, khosi litauma, akulira ndi mutu usiku ndi usana. Titaika maliro, pokonza m'chipinda tinapeza mabotolo anayi a mankhwala pansi pa matiresi, osatsegula. Ankakatengabe kuchipatala pa tsiku lake kuti mlamu wathu asadziwe.

Iyeyu mpingo wake unamuimbira bwino, chifukwa dzina lake linali loyera m'kaundula ndipo khadi la zopereka linali lodzaza. Sindikudandaula kuti anamuimbira, anayenera kutero. Chimene chikundiwawa ndi chakuti pa guwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula chomwe chinamupha. Tinangomva kuti Mulungu wapereka, Mulungu watenga. Mneneri uja akulalikirabe mpaka lero, ndipo akhristu anu amene m'mawa amakhala pa mabenchi anu, madzulo amakhala kwa iye.

Tsono tiyeze chiphunzitso chimenechi ndi muyeso womwe uja. Chikunena kuti mphatso ya Mulungu imagulidwa, pamene Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamuuza kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo. Elisa anakana mphatso za Namani, ndipo Gehazi amene anazithamangira anatenga khate. Chikuika munthu pakati pa Mulungu ndi anthu, mpaka ena akupemphera kwa "Mulungu wa papa wanga", pamene 1 Timoteo 2:5 akuti mkhalapakati ndi mmodzi yekha. Chikunena kuti wodwala ndi wopanda chikhulupiriro, pamene Paulo yemwe anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, analangiza Timoteo za vuto lake la m'mimba, ndipo ankayenda ndi Luka amene anamutcha sing'anga wokondedwa. Ngati ichi si chiphunzitso chonyenga, ndiye chonyengacho ndi chiti? Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'dziko muno mu 2004, ndipo tonse tikukumbukira mmene maliro ankagwera zaka za m'mbuyo mwake, adzukulu osapuma, okhoma mabokosi atandandalika m'misewu. Zipatala zanu zomwe, za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zikupereka nawo mankhwalawa. Dzanja limodzi la mpingo likupereka moyo, pakamwa pa mpingo pali zii.

Chimodzimodzi ndi aja amene amaloza gogo wa m'mudzi pa msonkhano n'kunena kuti Mzimu waaululira kuti ndiye akudya ana. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma akanena ndi munthu wonyamula Baibulo timangoyang'ana pansi, gogoyo n'kugona kutchire nyumba yake itagwetsedwa.

Ndinene chilungamo pano, kuti wina asatenge kalatayi ngati chibonga chomenyera mipingo ya Chipentekoste. Ndikudziwa abusa ambiri a mipingo imeneyi amene amapempherera wodwala kenaka n'kumuperekeza okha kuchipatala. Ndipo matenda ogulitsa chisomo alowanso m'mipingo yathu yakale. Pamene anamfedwa akufunsidwa kaye khadi la zopereka mtembo uli m'nyumba, pamene maliro a wolemera amabwera abusa atatu ndi makwaya anayi koma a wosauka amatumidwa mkulu mmodzi wothamanga, tikuphunzitsa chiyani? Sitikulemba m'katekisimu, koma anthu akuwerenga.

Mwina ena mudzati mawu oti mpatuko ndi a nkhani za Utatu Woyera zokha, osati za mmene anthu akuzunzikira. Mbiri ya mpingo siikuvomereza zimenezo. Mu 1982 bungwe la padziko lonse la mipingo ya Reformed litakumana ku Ottawa m'dziko la Canada, linagamula kuti tsankho la apartheid ndi tchimo, ndipo kuliikira kumbuyo ndi Baibulo ndi mpatuko. Linaimitsa umembala wa mpingo wa azungu wa Dutch Reformed wa ku South Africa, mpingo womwewo umene unatumiza amishoni ku Mvera mu 1889. Anthu amenewo ankanena chikhulupiriro cha ku Nicaea osaphonya liwu, koma ankaphunzitsa kuti Mulungu akufuna wakuda ndi woyera akhale m'mipingo yosiyana. Abale awo anaona kuti pakamwa pakhoza kulondola pamene chiphunzitso chikuphwanya thupi la Khristu, ndipo analimba mtima n'kuchitchula dzina lake ngakhale chinali cha mpingo wamphamvu ndi wachuma. Ife kulimba mtima kwathu kumathera pa amayi amasiye.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikupempha, ndipo ndikufuna chimveke bwino. Sindikupempha kuti mutenge chikwapu, kapena kuti muitane boma lidzasankhe chiphunzitso choona. Njira imeneyo mpingo unayendamo ndipo inatha ndi magazi. Jan Hus anawotchedwa ku Konstanz mu 1415. Michael Servetus, amene ankakana Utatu Woyera, anawotchedwa ku Geneva mu 1553, mumzinda wa John Calvin, kusonyeza kuti tchimoli silinali la mbali imodzi. Kwathu kuno sitisowa kuyang'ana kutali. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Mu 1972 anamenyedwa, nyumba zawo zinawotchedwa, anachotsedwa ntchito, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachoka mu 1993. Ine sindigwirizana ndi zimene a Mboni amaphunzitsa za Yesu, ndipo akafika pakhonde panga timatsegula Baibulo n'kutsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Koma ena mwa amene ankawamenya anali anthu obatizidwa, ndipo ambiri anangoyang'ana kumbali chifukwa anali ataphunzitsidwa kuti amenewo ndi ampatuko. Dzina limenelo linatseka pakamwa pa anthu abwino. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chipembedzo kwa aliyense, ndipo nkoyenera kutero. Chida cha mpingo ndi mawu. Kalata ya mabishopu a Katolika ya mu Malichi 1992 inatisonyeza kuti mawu a mpingo, akanenedwa poyera ndi mopanda mantha, amagwedeza dziko popanda kuponya mwala.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Mpingo uliwonse ulembe momveka, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina za akhristu ake, kusiyanitsa maziko a chikhulupiriro ndi malamulo a mpingo. Mkhristu wamba adziwe kuti ichi ukachikana wachoka pa Khristu, koma ichi ukachiswa walakwira dongosolo la nyumba ino. Mawu oti mpatuko asungidwire mlandu woyambawo.

2. Munthu asadulidwe asanamvedwe. Mateyu 18 akuti uyambe wapita wekha kwa mbale wako, kenaka utenge mmodzi kapena awiri, mpingo ubwere pomaliza. Tito 3:10 akuti ngakhale woyambitsa magawano achenjezedwe kamodzi ndi kawiri. Woimbidwa mlandu aitanidwe, auzidwe mlandu wake, aloledwe kubwera ndi womuperekeza, ndipo auzidwe kumene angakadandaule ngati sanakhutire.

3. Lekani kulanga mtembo. Chilango cha mpingo cholinga chake ndi kubweza munthu, ndipo wakufa sabwezedwa. Amene mumawalanga pokana maliro ndi ana amasiye ndi anamfedwa, omwe sanalakwe kanthu. Ngati malamulo anu salola mwambo wonse, tumizani mkulu mmodzi adzawerenge Mawu ndi kupemphera, ndipo amayi aloledwe kuimba.

4. Mabungwe amene amasonkhanitsa mipingo, monga Malawi Council of Churches, Evangelical Association of Malawi ndi bungwe la mabishopu a Katolika, atulutse mawu amodzi owerengedwa pa maguwa onse tsiku limodzi, onena mosabisa kuti kuuza wodwala asiye mankhwala, kugulitsa machiritso, ndi kuloza munthu ufiti m'dzina la Mzimu Woyera ndi ziphunzitso zonyenga. Atsogoleri a mipingo ya uneneri amene sagwirizana ndi zimenezi aitanidwe asaine nawo. Ndipo pamene bodza lotere lapha munthu kapena lagwetsa nyumba ya gogo, mpingo uperekeze banjalo kupolisi m'malo molinyengerera kuti likhale chete.

5. Khadi la zopereka lisafunsidwe pa maliro.

6. Phunzitsani. Anthu akuthamangira kwa ogulitsa madzi chifukwa ali ndi mafunso a matenda, kusabereka, ulova ndi mantha a ufiti, ndipo kwathu kalasi imatha tsiku lolandira Mgonero koyamba. M'milaga, m'miphakati, m'magulu a amayi ndi a achinyamata mukhale nthawi yofunsa popanda kuopa kudulidwa. M'busa akayendera wodwala, afunse ngati akumwa mankhwala ake.

Mdzukulu wa azakhali uja tsopano akukhala kwa ine. Mankhwala ake akumwa, kugwa kunachepa, ndipo amakhala pa mzere wakutsogolo m'kalasi langa la Sande Sukulu. Mwezi wathawu tikuphunzira za kuuka kwa akufa anakweza dzanja n'kundifunsa ngati agogo ake adzauke nawo, popeza mpingo sunawaimbire. Ana onse anakhala chete kundiyang'ana. Ndinamuyankha zimene ndimakhulupirira, kuti agogo ake anagwira Khristu mpaka tsiku lomaliza ndipo Iye sataya ake. Koma anafunsanso kuti nanga n'chifukwa chiyani amayi aja anabisala kuseri kwa khitchini. Ndinamulonjeza kuti ndikafunsa akuluakulu, ndipo akudikira yankho lanu.

Ine mwana wanu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa Sande Sukulu